Mmene mungafufuzire dera lanu ndi kope, wotchi ndi maso

Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza ali mnyamata, nakwera malole a Ulere amene ankanyamula anthu ofuna ntchito kubwera nawo kuno ku Southern Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe, osalipiritsa. Anafikira ku Mbare, dera la mumzinda wa Harare, m'nyumba zosanja zija anamangira amuna okhaokha. Sanabwererenso kwawo, n'chifukwa chake abale a ku Malawi amatitcha matchona. Ine ndinabadwira ku Mbare komweko, ndipo kuyambira ndili mwana ndakhala ndikumva mawu amodzimodzi: anthu a kumafulati ndi auve, ana a ku Mbare ndi mbava, Amalawi sachedwa kupsa mtima. Mawuwa amandipweteka mpaka lero, chifukwa amayi anga ankakolopa chipinda chathu kawiri patsiku, komabe kunja kwa chitseko kunkanunkha.

Nditakula ndinayamba ntchito yothandiza anthu ochita kafukufuku wa za kakhalidwe ka anthu. Ndinayenda ndi mafomu ku Mufakose, ku Dzivarasekwa, ku Epworth ndi ku Budiriro. Chachikulu chimene ndinatolako n'chakuti zambiri zimene timati ndi khalidwe la munthu zimachokera pamalo pamene munthuyo waikidwa: kutalika kwa mjigo, kumene chitseko chayang'ana, chiwerengero cha mabanja pa chimbudzi chimodzi. Izi mukhoza kudzionera nokha osapita ku yunivesite. Ndikulembera makamaka achinyamata a m'mipingo yathu ndi a m'mabungwe a maliro, amene amandifunsa kuti ayambire pati.

Yambani ndi malo ang'ono ndi funso limodzi

Musanene kuti mufufuza Mbare. Mbare ndi yaikulu, muli msika wa Musika, muli Matapi, muli Nenyere, muli Rufaro, ndipo paliponse pali moyo wakewake. Sankhani malo amene mungawaone onse mutakhala pampando umodzi: mjigo, makwerero a fulati, poimikira makombi, khonde la golosale. Funso lanu likhale loti mutha kuliyankha ndi zimene maso aona. Funso lakuti "n'chifukwa chiyani anthu akuno ndi ovuta" silingakufikitseni kulikonse. Koma mukafunsa kuti "pamjigo uwu anthu amakangana nthawi yanji, ndipo amawaleretsa ndani," mawa lomwe mwayamba ntchito.

Njira imeneyi si yatsopano. Ku Chicago, Clifford Shaw ndi Henry McKay anatenga mbiri za ana ogwidwa ndi milandu n'kuika kadontho pamapu pamene mwana aliyense ankakhala. Zotsatira zake zinatuluka mu 1942. Anapeza kuti madera ena oyandikira pakati pa mzinda ankakhala ndi milandu yambiri zaka ndi zaka, ngakhale kuti mitundu ya anthu okhalamo inkasintha. Mtundu wina ukasamuka n'kulowamo wina, milandu inkatsala pomwepo, ndipo ana a osamukawo ankachepetsa milandu kumene apitako. Nditamva zimenezi koyamba ndinakumbukira amalume anga, amene ali ku Matapi ankadziwika ndi ndewu, koma atapeza kanyumba kawo ku Mufakose anasanduka mkulu wa mpingo woyanjanitsa mabanja.

Funsani kaye kuti malowa anawamanga ndani, ndipo anamangira yani

Apa ndi pamene ambiri amadumpha, koma ine ndimaona kuti theka la yankho lili pomwepa. Mbare inakhazikitsidwa mu 1907 ngati malo okhala anthu akuda ogwira ntchito mu Salisbury, dzina lakale la Harare, ndipo nthawi imeneyo Mbareyo inkatchedwa Harari. Lamulo la 1930 logawa malo linapatula dziko potengera khungu, ndipo lamulo lina la 1946 linakhwimitsa za malo ogona ndi kalembera wa anthu akuda m'mizinda. Maganizo a omanga anali akuti mwamuna abwere yekha, agwire ntchito, akakalamba abwerere kumudzi. Choncho anamanga zipinda zogonamo basi, zimbudzi ndi mabafa n'kukhala zogawana, osaganizira za mayi wophika kapena mwana wosewera. Lero m'chipinda chomwecho mumakhala banja lathunthu, nthawi zina mabanja awiri atatchinga nsalu pakati. Mapaipi ndi omwe aja. Ndiye munthu akaona madzi oipa akuyenderera pamakwerero n'kunena kuti anthu akuno sadziwa ukhondo, wayankha funso limene sanalifufuze.

Kwa ife ochokera ku Malawi nkhaniyi ili ndi mbali ina. Anzathu Achishona ambiri ali ndi kumudzi, kumene amatumiza ana zinthu zikathina ndiponso kumene amakaikidwa. Makolo athu analibe kumudzi kuno. Pamene boma linagwetsa nyumba m'mizinda mu 2005, pa ntchito yotchedwa Operation Murambatsvina, anthu ankauzidwa kuti abwerere kumidzi yawo, ndipo lipoti la Anna Tibaijuka ku United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba, ntchito kapena zonse ziwiri. Wopanda mudzi akanalowera kuti? Ena anakathera ku Hopley, ena ku Caledonia, mafamu a m'mphepete mwa Harare. Mukamafufuza malo ngati amenewa, lembani chaka chimene banja lililonse linafika ndi chimene chinalibweretsa. Anthu osonkhanitsidwa mwadzidzidzi, osadziwana, sakhala mofanana ndi anthu amene aikirana maliro kwa zaka makumi atatu.

Mbiri yotereyi musaifune pa intaneti pokha. Pitani kwa agogo a m'dera lanulo ndi shuga pang'ono ndi buledi, mukhale pansi, muwafunse kuti pano panali chiyani.

Odi ndi wofunika

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira. Tsiku langa loyamba ndinapita pamjigo wina ndi kope latsopano, n'kukhala pamwala osalankhula ndi aliyense, ndinkaganiza kuti kafukufuku weniweni ndi wachinsinsi. Sipanathe nthawi yaitali, amayi anayamba kunong'onezana, anyamata atatu n'kundizungulira. Ankaganiza kuti ndatumidwa kudzalemba mayina a anthu ogulitsa madzi. Kope anandilanda. Amene anandipulumutsa ndi gogo wina wachiyao amene anamva ndikulankhula Chichewa pafoni. Anandikokera pakhonde pawo n'kundifunsa kuti, "Mwanawe, kwanu salonjera?" Ndinachita manyazi kwambiri, chifukwa analondola.

Choncho musanatulutse kope, pezani mwini malo. Pamjigo pamakhala komiti kapena munthu wosunga kiyi. Pafulati pamakhala wamkulu wa buloko. Poimikira makombi pali amene amaitanira. Auzeni dzina lanu, kwanu, chimene mukufuna kuona, ndiponso kuti simulemba dzina la munthu. Ngati ntchito yanu ikhala yofunsa anthu ambiri khomo ndi khomo, dziwitsaninso khansala wa dera. Ndipo nthawi ya zisankho ingosiyani kaye, kope lidikire. Kuno aliyense amadziwa chifukwa chake.

Kenako khalani pansi

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito yonse ili pamenepo. William Whyte, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, anaika makamera pamabwalo a pakati pa nyumba zitalizitali za ku New York kuti aone chifukwa chimene mabwalo ena ankadzaza anthu pomwe ena anali gwa. Yankho lake linali losavuta: anthu amakhala pamene pali pokhala. Mzindawo unasintha malamulo a kamangidwe mu 1975 kuti mabwalo otere azikhala ndi malo okhalapo. Inu kamera simukuifuna, ndipo ndikukulangizani kuti foni isatuluke m'thumba, anthu akaona kuti akujambulidwa amasintha.

Gulani kope la masamu, la timabokosi lija. Tsamba lililonse likhale la ulendo umodzi. Pamwamba lembani tsiku, nthawi yofika, nyengo, ndiponso ngati kumipopi kuli madzi kapena ayi, ngati magetsi alipo kapena azima. Ziwirizi ku Harare zimasintha chilichonse. Ndiye pakatha mphindi khumi zilizonse kwezani mutu muwerenge: amayi angati, abambo angati, ana angati, zigubu zingati pamzere. Pakati pa kuwerengako lembani zochitika, koma lembani zimene mwaona, osati zimene mwaganiza. Musalembe kuti "mayi wamwano analowerera mzere." Lembani kuti "mayi wobereka mwana anaika ndowa patsogolo pa zigubu zinayi, mtsikana anaichotsa, anakalipirana, bambo wopopa anati mayiyo atunge." Maganizo anu aikeni kumapeto kwa tsamba, pansi pa mzere, kuti asasakanikirane ndi zoona.

Pitani nthawi zosiyanasiyana: m'bandakucha, masana dzuwa lili paliwombo, madzulo kukuda, ndiponso Loweruka ndi Lamlungu. Ola limodzi pa ulendo n'lokwanira, mutu ukatopa maso amayamba kunama. Masiku oyambirira anthu azikuyang'anani. Pofika sabata yachiwiri amakuiwalani, ena amayamba kukusungitsani ana, ndipo m'pamene malo amayamba kudzionetsa.

Ine ndinachita zimenezi pamijigo iwiri ya dera limodzi, yotalikirana ulendo wa mphindi zochepa wapansi. Woyamba unali pakati pa nyumba, makonde atayang'ana komweko. Pakhonde lina pankakhala agogo awiri tsiku lonse, wina akuluka, wina akusenda mtedza wogulitsa. Pamjigo umenewu anthu ankasiya zigubu pamzere n'kupita kukaphika, pobwera n'kuzipeza zasunthidwa bwinobwino. Mnyamata akafuna kulowerera, gogo woluka uja sankadzuka n'komwe, ankangotchula dzina la amayi ake a mnyamatayo, basi mnyamata n'kubwerera kumbuyo akuseka. Mjigo wachiwiri unali kumapeto kwa nyumba, kuseri kwa mpanda wa njerwa, moyang'anizana ndi dambo la chimanga. Palibe zenera limene linkaona pamenepo. Apo munthu sankasiya chigubu. Anyamata ena anadzipatsa udindo wolipiritsa, ndipo kukada atsikana sankapitako okha. Chimene chinandikhudza n'chakuti ena mwa amayi amene ndinkawaona akukankhana kumjigo wa kudambo ndi omwewo amene ankapatsana mpata mwaulemu kumjigo wa pakati pa nyumba. Munthu yemweyo, tsiku lomwelo, chitenje chomwecho.

Jane Jacobs analemba za zimenezi mu 1961 pofotokoza misewu ya ku New York. Anati msewu umatetezedwa ndi maso a anthu wamba oyang'ana kuchokera m'mawindo ndi m'mashopu. Ife kwathu timadziwa kale kuti bwalo limakhala pakati pa mudzi, osati kuseri kwa nkhokwe.

Jambulani mapu ndi dzanja

Tengani pepala lalikulu mujambule malowo mmene alili: nyumba, kumene zitseko zayang'ana, mitengo ya mthunzi, magetsi a mumsewu ogwira ntchito ndi akufa, ngalande, dzala, njira zachidule zimene mapazi apanga. Muyese mitunda ndi mapazi anu. Kenako chilichonse chochitika chiikeni pamapupo ndi kadontho. Dokotala John Snow anachita zomwezi ku London mu 1854, anaika pamapu nyumba za anthu omwalira ndi kolera, ndipo zinaunjikana mozungulira mjigo wa mu Broad Street. Ife nkhani ya kolera sitichita kuimva: mliri wa 2008 ndi 2009 unagwira anthu opitirira 98,000 m'dziko muno n'kupha opitirira 4,000, ndipo Budiriro inavutika koopsa. Mu 2018 unabukanso ku Glen View ndi ku Budiriro. Pamapu anu musaiwale kuika pamene paipi ya zonyansa imaphulikira ndi mtunda wake kukafika pachitsime.

Mapu amaonetsanso ubwenzi. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, Leon Festinger ndi anzake awiri anafufuza nyumba za ophunzira apabanja pa yunivesite ya MIT ku America, kumene anthu ankangopatsidwa nyumba osasankha. Mu 1950 anafalitsa zimene anapeza: anthu ankapalana ubwenzi kwambiri ndi oyandikana nawo zitseko, ndipo okhala m'munsi mwa makwerero ankadziwana ndi anthu ambiri a pamwamba chifukwa ankadutsa pakhomo pawo. Mukhoza kuyesa pafulati panu. Funsani banja lililonse kuti mchere ukatha amakapempha khomo liti, ndipo mwana akadwala usiku amagogoda pati. Lumikizani makomowo ndi mizere pamapu. Mudzaona makomo ena ali ndi mizere yambirimbiri, ena alibe ngakhale umodzi, ndipo kawirikawiri opanda mzerewo amakhala a kumapeto kwa khonde.

Kufunsa kubwere pambuyo

Mukayamba ndi mafunso, anthu amakuuzani zimene akuganiza kuti mukufuna kumva. Mukayamba ndi kuona, mumafunsa zenizeni: "Amayi, ndaona kuti madzulo mumazungulira njira yaitali, kodi yachidule ija ili ndi chiyani?" Safunsa anadya phula, koma wofunsa asanaone amangobwera ndi mawu okoma.

Lankhulani chinenero chimene munthuyo wasankha. Ana athu ambiri amayankha m'Chishona, agogo amamasuka m'Chichewa kapena m'Chiyao. Ndipo chimenecho chilembeni, chifukwa nachonso chimatsata malo. Ndaona bambo yemweyo akulankhula Chishona chokhachokha mukombi, osafuna kuti adziwike, koma akangolowa pageti la CCAP kapena pamaliro a mnzake wa bungwe, Chichewa n'kumatuluka ndi miyambi yomwe. Clyde Mitchell, amene anayamba wafufuza midzi ya Ayao ku Nyasaland ndipo kenako anadzaphunzitsa pa koleji imene lero ndi University of Zimbabwe, anaona zofanana ndi zimenezi ku migodi ya ku Zambia. Mu 1956 analemba za gule wa kalela ku Luanshya, gule amene mizu yake ikugwirizana ndi beni. Ovina ankavala zoyera bwino zachizungu, nyimbo zawo zikunyogodola mitundu ina. Mitchell anaonetsa kuti mtundu wa munthu m'tauni umagwira ntchito ina yosiyana ndi ya kumudzi, umakhala njira yodziwira kuti mlendo uyu ndikhale naye bwanji. Poganizira gule wamkulu wa kuno, amene anzathu amamutcha zvigure, ndimaona kuti funso lomwelo likudikira wina wa ife. Koma za kudambwe zili ndi eni ake, wosalowa asayerekeze kukalemba.

Pali mafunso ena amene ndimawakonda, ochokera kwa Robert Sampson ndi anzake. Iwo anafunsa anthu 8,782 m'madera 343 a ku Chicago, n'kufalitsa zotsatira mu 1997. Ankafunsa ngati anansi angachitepo kanthu ataona ana akujomba kusukulu, mwana akuchitira mwano munthu wamkulu, kapena ndewu itabuka pakhomo. Madera amene anthu ankakhulupirirana ndi kulowererapo anali ndi chiwawa chochepa, ngakhale poyerekeza madera osauka mofanana. Mafunsowa amamveka bwino m'Chichewa, chifukwa ife tinakula tikudziwa kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Afunseni m'misewu iwiri yosiyana muone.

Msampha umene umakola ambiri

Mukapeza kusiyana pakati pa malo awiri, musafulumire kunena kuti malo ndiwo achititsa. Mwina anthuwo anali osiyana kale asanafike. Wokhala ndi ndalama amasankha nyumba yabwino, wosowa amatenga yotsala. Ndiye chimene mukuonacho chingakhale cha m'thumba, osati cha malo. Ofufuza akhala akulimbana ndi vuto limeneli kwa nthawi yaitali. Ku America, kuyambira mu 1994, boma linachita maere pakati pa mabanja pafupifupi 4,600 a m'madera osauka a mizinda isanu, ena n'kuthandizidwa kusamukira kumadera abwinoko. Poti anasankhidwa ndi maere, kusiyana kwa pambuyo pake sikukanachokera ku khama la banja. Zaka zoyambirira malipiro a akuluakulu sanasinthe kwenikweni. Koma Raj Chetty ndi anzake atatsatira anawo, anafalitsa mu 2016 kuti amene anasamuka asanakwanitse zaka 13 ankapeza ndalama zochuluka ndi 31 peresenti atakula kuposa anzawo a m'mabanja amene sanathandizidwe kusamuka, pomwe osamuka ali okulirapo sanapindule. Malo amaumba munthu pang'onopang'ono, ndipo amaumba kwambiri mwana.

Inu maere simungachite. Chimene mungachite ndi kufunafuna anthu omwewo m'malo awiri, monga amayi a pamijigo aja, kapena malo omwewo nthawi ziwiri: getsi la mumsewu lisanakonzedwe ndi litakonzedwa, mpanda usanamangidwe ndi utamangidwa. Mukamva kuti pena pake pasintha chinthu mwezi wamawa, thamangirani mukawerenge lero. Ndiponso funafunani dala zimene zikutsutsa maganizo anu. Ine ndinali nditatsimikiza kuti mjigo wa kudambo ndi woipa nthawi zonse, koma Loweruka m'mawa, alimi a chimanga aja akakhala m'minda yawo, pamjigopo pankakhala bata. Zimenezi zinandithandiza kuona kuti vuto silinali dambo, linali kusowa kwa maso.

Mayina ndi zotsatira

M'kope musalembe dzina, nambala ya nyumba, kapena chilichonse cholozera munthu. Izi n'zofunika kwambiri kwa ife, chifukwa alipo agogo ndi adzukulu amene nkhani ya zitupa sinawathere, ngakhale malamulo a dziko a 2013 anatsegula njira ya unzika kwa obadwira kuno amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC. Wina akakuuzani za chitupa, za lendi kapena za malonda ake, nkhaniyo ithere m'makutu mwanu. Ana musawafunse popanda kholo.

Mukamaliza, masabata anayi kapena asanu ndi limodzi, bwererani kwa amene anakulandirani. Musawapatse lipoti lalitali. Tengani mapu aja ndi tsamba limodzi la zimene mwaona, mukawayale pamsonkhano wa komiti, kutchalitchi, kumzikiti kapena kubungwe la maliro, ndipo muwalole akukonzeni, chifukwa adzakuuzani zimene maso anu anaphonya. Ine mapu anga ndinakawayala pakhonde la gogo wachiyao uja, a komiti atakhala pamkeka. Anakambirana nthawi yaitali za getsi la sola, koma ndalama panalibe. Ndiye mayi wina wogulitsa tomato ndi masamba anati iye akhoza kusamutsira tebulo lake pafupi ndi mjigo wa kudambo, poti makasitomala ake ndi omwewo otunga madzi, bola amuna amumangire kamthunzi. Loweruka lotsatira abambo anayi anabwera ndi mitengo ndi malata akale awiri. Ine ndinafika ndi kope Lolemba m'mawa, ndinalemba tsiku ndi nthawi pamwamba pa tsamba latsopano, n'kuyamba kuwerenga zigubu.